Kulemera kwa chigubu cha agogo

Chingwe cha pachitsime chili ndi fungo lakelake, kafungo kozizira ka nayiloni amene wakhala akunyowa ndi kuuma kwa zaka zambiri, kosakanikirana ndi matope a pansi ndi thukuta la m'manja. Chilimwe cha chaka chimene ndinali mu Fomu 1, fungo limeneli silinkachoka m'zikhatho mwanga. Ndinkasamba ndi sopo, koma ndikafika m'kalasi n'kugwira tsaya, ndinkamva chitsime chathu cha ku Chinsapo ngati ndasuzumiramo.

Tinkakhala awiri, ine Esnati ndi agogo anga, Anachisale, amene anabereka mayi anga. Bambo ndi mayi anatisiya motsatizana ndisanayambe n'komwe sukulu, ndipo nkhope zawo ndinkazidziwira pa chithunzi chimodzi chimene chinkakhala m'chikwama cha zovala za kutchalitchi. Nyumba yathu inali ya zidina, ya malata akale otsindiridwa ndi miyala. Kuseri kwake kunali mtengo wa papaya, bafa la masaka, ndi chitsime chimene agogo aamuna anakumba asanamwalire. Pakamwa pa chitsimecho panali tayala lakale la lole ndi chipika chopingasa chimene chingwe chinachidya mpaka kusiya mizere yosalala. Tinkatungira chigubu chachikasu cha mafuta ophikira, chodulidwa kumwamba, chokhala ndi chogwirira cha waya ndi kachitsulo kolendewera mbali imodzi kuti chikafika pamadzi chizipendekeka n'kumira.

Madzi a m'chitsimemo ndiwo ankatisunga. Agogo ankaphika thobwa n'kukagulitsa m'mabotolo pa siteji ya maminibasi, ndipo thobwa limafuna madzi ambiri: onyikira chimanga cha chimera, ophikira phala, otsukira mabotolo ndi mgolo. Pabwalo pathu nthawi zonse pankakhala chimera choyanikidwa pachiguduli, nkhuku za eni ake zikuzungulira, ine ndikuziingitsa ndi kamtengo. Kuseri kwa mpanda wa udzu, Che Amidu, mmisiri wa zidebe wochokera ku Mangochi, ankakhoma malata kuyambira m'mawa, ndipo kukhomako kukaleka masana tinkadziwa kuti apita kukaswali.

Chaka chimenecho kunatentha kuposa mmene ndinkadziwira. Denga linkathetheka ngati chimanga m'chiwaya, nyenje zinkalira m'mitengo ya mango mpaka makutu kuwawa, ndipo akamvuluvulu ankadutsa m'misewu atanyamula fumbi lofiira ndi majumbo. Madzi anathawira pansi. Tinalumikiza chingwe china ku chakale, ndipo mfundo yake inkapweteka zala nthawi iliyonse ikamadutsa m'manja. Ukasuzumira, madzi ankaoneka ngati kagalasi kakang'ono kutali, kokhala ndi mutu wako wakuda pakati.

Amalume anga, a Filipo, alongo awo a mayi anga, ankayendetsa lole ku Kanengo ndipo ankakhala ku Area 25 ndi akazi awo ndi ana ang'onoang'ono. Iwo ndiwo anali mwini mbumba, ndipo pa nkhani za ine mawu awo ankaposa ngakhale a agogo. Ankabwera Lamulungu akaweruka kutchalitchi, atanyamula shuga kapena kabichi, n'kukhala pakhonde, maso akuyenda pabwalo ponse. Tsiku lina ndikutsuka mabotolo kuseri kwa bafa, ndinawamva akulankhula motsitsa mawu.

"Amayi, mwanayu akukulemerani. Inunso thupi likutha, ndikuona. Tsiku limene mudzalephere kutunga madzi nokha, sindidzafunsanso munthu. Inu mudzapita ku Dedza kwa achemwali anu, Esnati adzabwera kwathu."

"Amene akutunga madzi pakhomo pano ndani?" anayankha agogo. "Mkazi wako?"

Amalume sanaseke, ndipo ine botolo linangoima m'manja. Ndinkadziwa tanthauzo la kupita ku Area 25. Kunali kale mtsikana wina, wachibale wa akazi awo, amene anabwera kudzaphunzira, ndipo nthawi zonse tikapitako tinkamupeza ali ndi mwana kumbuyo, yunifolomu yake ili pamsomali, yowala ngati yosavalidwa. Koma ngakhale sukuluyo sinali chimene chinkandiopsa kwambiri. Ku Dedza kunali kutali, ndipo ine ndinali ndisanagonepo m'nyumba mosamveka kupuma kwa agogo kuseri kwa nsalu yotchinga.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwayang'anitsitsa. Ndinali mwana wosalankhulalankhula, ndipo anthu sabisala kwa mwana wachete. Vuto linali dzanja lawo lamanja. Chitenje ankamanga ndi lamanzere. Povundula phala la thobwa ankatsamiritsa mthiko paphewa n'kumakankha ndi thupi lonse. Kapu ikawapulumuka ankakalipira kapuyo. Pachitsime, chigubu chikafika pakati pa ulendo, ankaima, n'kuponda chingwe pachipika, n'kuyamba kuyimba nyimbo ya kutchalitchi ngati angokondwa, koma mtsempha wa m'khosi mwawo unkagunda moonekera.

Ndinayamba kulawira kudzaza mgolo ndi ndowa zonse ndisanapite kusukulu. Sizinathandize kwenikweni. Thobwa linkatha madziwo dzuwa lisanafike pamutu, komanso agogo ankafuna kuti anthu aziwaona ali pachitsime, chifukwa ku Chinsapo mipanda ndi ya udzu ndipo nkhani imakwera yokha minibasi kukafika ku Area 25. Nditapeza kachigubu kakang'ono n'kuwauza kuti tizitungira kameneko, anakaponya kudzala. "Kameneko kazikamwera anapiye," anatero. "Ukufuna anthu azinena kuti Nachisale watha?"

Nthawi yomweyo kusukulu tinali pa mutu wa mphamvu ndi kayendedwe ka zinthu. Aphunzitsi athu a fizikisi tinkawatcha a Giravite, chifukwa ankayenda mokhwekhwereza nsapato ngati nthaka ikuwakoka kuposa anthu ena onse. Sukulu yonse inali ndi sikelo imodzi ya sipuling'i, imene ankayenda nayo m'thumba la jekete, ndipo ankakolowekapo chilichonse chimene apeza, nsapato ya mwana, njerwa, chikwama cha wochedwa. Ankapsa mtima msanga, makamaka pa mawu awiri a Chingerezi, masi ndi weyiti, amene ife tonse tinkawamasulira ndi liwu limodzi, kulemera. Ankamenya bolodi ndi dasitala mpaka choko kufuka. "Masi ndi kuchuluka kwa chinthucho, timayeza m'makilogalamu, ndipo sasintha kulikonse ungapite. Weyiti ndi mphamvu imene dziko likuchikoka nayo, timayeza m'manyutoni. Wina akandiuzanso kuti kulemera, kulemera, akalemerere kwawo!" Kalasi inkasekera pansi pa madesiki, koma mawa lake theka la ife tinkalembanso makilogalamu pofunika manyutoni, n'kukasesa bwalo.

Ine sindinkaseka. Liwu limeneli linali litandikhala kale pamtima. Panali kulemera kuwiri kwa a Giravite, panali kulemera kwa anthu a magalimoto ndi mipanda ya njerwa, ndiye panali kuja ananena amalume, kumene sindinkadziwa kuti amayeza m'chiyani. Ndinangoyamba kudzipeputsa mmene ndikanathera. Ndinkatapa ndiwo pang'ono, sopo ndinkangomukhudza, ndipo m'nyumba ndinkayenda mosamveka. Nsapato yanga itang'ambika ndinaisoka ndekha ndi waya kuti agogo asaione.

Homuweki ndinkalembera pakhonde dzuwa lisanalowe, popeza tinalibe magetsi, kope lili pabondo, agogo ali chapafupi akupeta chimera. Ndinkawerenga funso m'Chingerezi, kenako n'kulinong'ona m'Chichewa kuti lilowe. Tsiku lina anandimva ndikunena kuti munthu akapita kumwezi kulemera kwake kumachepa. "Ndiye a ku Area 10 asamapiteko," anatero osatukula mutu, "angabwereko ali ngati ife." Ndinaseka, iwonso anaseka, lichero likunjenjemera mbali ya kumanja.

Mafunso ake anali a anthu opanda mayina, okoka mabokosi ndi kuponya miyala popanda chifukwa. Njinga yayenda mamita akuti pa masekondi akuti, peza liwiro lake. Thumba lili ndi masi akuti, peza weyiti yake. Apa unkangochulukitsa ndi khumi, chifukwa dziko limakoka kilogalamu iliyonse ndi manyutoni pafupifupi khumi. Ndinkawakonda mafunso amenewa chifukwa ankatha. Ukalemba zimene wapatsidwa, n'kusankha fomula, n'kuikamo manambala, yankho linkabwera n'kukhala phee pamwamba pa mizere iwiri, ndipo palibe amene akanalisuntha.

Koma mlungu wina anatipatsa mafunso awiri amene sanathere m'kope. Loyamba linali la mwala wogwera m'chitsime. Mwalawo ukuyamba uli chiimire, ndipo sekondi iliyonse liwiro lake likuwonjezeka ndi mamita khumi pa sekondi. Peza liwiro lake pakatha masekondi awiri. Ndinalemba makumi awiri, n'kudula mizere. M'kalasi a Giravite anali atanenanso kuti cholemera ndi chopepuka zimagwa mofanana, nthaka sisankha. Nditatukula mutu, agogo anali atawerama pa tayala lija, theka la thupi lili pamwamba pa dzenje, akugwedeza chingwe kuti chigubu chimire. Ndinawerenga mumtima: wani, thu. Basi, zomwezo. Ndinatseka kope.

Lachiwiri linali la ndowa. Mtsikana akukoka ndowa ya makilogalamu khumi pa liwiro losasintha. Akugwiritsa ntchito mphamvu yochuluka bwanji? Yankho linali manyutoni handiredi, ofanana ndi weyiti ya ndowayo. Pansi pake panali kafunso kena: chingachitike n'chiyani mphamvu ya mtsikanayo itachepera pamenepo? Ndinalemba kuti ndowa iyamba kuchedwa, kenako ibwerera pansi. Nditalemba ndinakhala ndikuyang'ana chigubu chathu. A Giravite anali atatiuza kuti lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo m'chigubumo munkalowa malita ngati khumi. Mphamvu za agogo sindikanatha kuziwonjezera. Koma mbali inayo ya samuyo inali m'manja mwanga. Madzi akakhala theka, manyutoni akhala fifite, chigubu chili chomwecho, chachikasu, chachikulu, choonekera kwa aliyense wosuzumira pampanda.

Loweruka agogo atapita ku siteji, ndinapita kwa Che Amidu kukabwereka msomali waukulu ndi pulayasi youpanira. Atandifunsa ntchito yake ndinawauza zoona, kuti ndikufuna kuboola chigubu. Anaika nyundo pansi n'kundiyang'ana. "Anthu onse amabwera kuno kudzamatitsa zibowo, iwe wabwera kudzatenga zibowo? Ana a sukulu inu!" Koma anandipatsa, ndipo sanafunsenso. Ndinawotcha msomaliwo pambaula mpaka kufiira, ndinayeza theka la chigubu ndi rula ya m'kalasi, n'kuboola mzere wa zibowo kuzungulira. Pulasitiki inkanunkha, ikusungunuka n'kusiya timilomo takuda. Nditayesa, chigubu chinamira n'kudzaza monga kale. Ndikachitukula pang'ono pamwamba pa madzi n'kudikira, madzi ankatuluka m'zibowomo mpaka kutsala theka, ndipo chinkakwera mopepuka moti ndinaseka ndekha.

Agogo anaziona tsiku lomwelo. Anatembenuza chigubucho m'manja, n'kuyendetsa chala pamzerewo. Ine ndinali pakhonde, mutu uli m'kope, cholembera chili pamalo amodzi. "Makoswe a masiku ano," anatero mokweza, akuyang'ana mtengo wa papaya, "akudya pulasitiki motsata rula." Sanachitaye, ndipo sanakachimatitse. M'masiku otsatira ndinawaona ataphunzira okha kudikira. Ankatukula pang'ono, n'kuponda chingwe, n'kumakonza mpango kumutu mpaka madzi ataleka kumveka pansi, kenako n'kukoka osaima pakati. Maulendo anachuluka, koma kuyimba kwa pakati kuja kunatha.

Chimene sindinachiike m'samu yanga chinali phokoso. Madzi otuluka m'zibowo ankagwera m'chitsime ngati mvula ya pakhonde, ndipo dzenje linkakuza mawuwo moti munthu woima pafupi sakanalephera kumva. Choncho Lamulungu ndinkaonetsetsa kuti pofika amalume chilichonse cholowa madzi chikhale chodzaza, ngakhale mapoto, ndipo chigubu ndinkachivundikira pansi pa beseni. Iwo ankakhala pakhonde, akumwa thobwa, akuyang'ana mgolo wodzaza mpaka m'milomo, kenako n'kuyang'ana mikono yanga. Akatsanzika, ine ndi agogo tinkayambiranso ntchito osayang'anana.

Amalume anabwera Loweruka lina masana, tsiku limene sitinkawayembekezera, atavala ovolosi ya kuntchito, fumbi lili m'nsidze. Mitambo inali itaunjikana kumadzulo koma mvula osagwa, kunja kuli thukuta lokhalokha. Mgolo unali wouma chifukwa tinali titangomaliza kutsuka mabotolo. Atapatsana moni ndi agogo, anapempha madzi osukusula. Ndinadzuka msanga, koma anandiimitsa ndi dzanja. "Iwe khala pansi, maliza za kusukuluzo. Agogo ako amatunga okha. Si choncho, amayi?"

Agogo anadzuka. Anamanganso chitenje n'kupita kuchitsime, amalume akuwatsata pambuyo, manja ali m'matumba. Ndinakhala pakhonde, kope lili pabondo. Kwa Che Amidu kunali zii. Ndinamva chigubu chikugunda m'mbali potsika, kenako chikugwa pamadzi, kenako chikumira. Mumtima ndinkawauza kuti dikirani, agogo, dikirani. Koma kudikira kukanatanthauza kuima pamaso pa mwana wawo, madzi akulira pansi, iye n'kufunsa kuti chikulira n'chiyani. Ndinaona msana wawo ukuwongoka, ndipo ndinadziwa kuti sadikira. Anayamba kukoka chigubu chodzaza, msangamsanga, akufunsa mokweza za zidzukulu zawo za ku Area 25 kuti mawu awo aphimbe phokosolo. Zibowo zanga zinali zazing'ono. Zinkafuna nthawi.

Dzanja lamanzere linakoka, lamanja linalandira; lamanzere, lamanja. Mfundo ija itafika m'dzanja lamanja, zala sizinatseke. Chingwe chinathamanga pachipika ndi kamluzu. Akanachisiya, tikanangotaya chigubu. Koma agogo sanali munthu wosiya. Anachiwakha ndi lamanzere, ndipo chinawakoka mpaka mawondo kugunda tayala, mutu ndi mapewa kulowa m'kamwa mwa chitsime. Sindikumbukira ndikudzuka. Ndikukumbukira kope lili m'fumbi, ndi amalume atagwada, mkono umodzi atawakoleka nawo agogo m'chiuno, dzanja linalo litagwira chingwe, nkhope yawo ili mbuu ngati phulusa.

Anawakhazika pansi patali ndi tayala. Mpango wa agogo unali utagwera m'madzi, ndipo ndinaona imvi zawo padzuwa, zochepa, zomatirira ndi thukuta. Amalume anakoka chigubu mwakachetechete. Chitatulukira, madzi anali akutsirizika kutuluka m'zibowo, timizere ting'onoting'ono mozungulira, tikunyowetsa nsapato zawo. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Analowetsa nsonga ya kiyi wa lole m'chibowo chimodzi, kenako m'chinzake.

"Wachita izi ndani?"

"Makoswe," anatero agogo, akupumira m'mwamba.

"Ndine, amalume." Mawu anga anatuluka aang'ono, koma atayamba sanaime. Ndinawauza za malita khumi ndi makilogalamu khumi, za manyutoni handiredi ndi fifite, kuti mphamvu yokoka iyenera kufanana ndi weyiti, kuti agogo akadikira amatha bwinobwino, kuti lero sanadikire chabe, kuti ndikhoza kukuza zibowo kapena kuzitsitsa pansi pang'ono. Ndinalankhula Chingerezi cha a Giravite chosakaniza ndi misozi, ndipo sindikukhulupirira kuti ndinali nditawauzapo amalume mawu ochuluka chotero chibadwire. Pomaliza ndinati, "Ine sindikuwalemera agogo. Ngati ndikuwalemera, ndikhoza kuchepetsa."

Amalume anakhala pansi, padothi pomwepo. Anayang'ana zikhatho za amayi awo zimene chingwe chinasupula, kenako anayang'ana ine. Anatulutsa kampango m'thumba n'kupukuta nkhope. Kuseri kwa mpanda kunali kutabwera anthu; ndinkaona mitundu ya zitenje m'mipata ya udzu. Agogo anakhala chiwongokere, akuyang'ana kutsogolo, ngati munthu wodikira chigamulo amene watsimikiza kuti sapempha chifundo. Ine ndinkadikira liwu lakuti Dedza.

Patapita nthawi amalume anadzuka n'kuitana pampanda. "Che Amidu, muli ndi lata lolimba kumeneko? Ndi misomali italiitali?" Awiriwo anagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka. Anayala matabwa pa tayala, anakhomerapo lata, n'kusanjikapo zidina ndi chimwala chimene anagubuduza kuchokera kumsewu. Agogo anawalalatira onse awiri. Anati chitsimecho anakumba amuna awo ndi manja, anati madzi ogula a pakiyosiki amanunkha mankhwala ndipo aononga thobwa, anati mwana amene anamuyamwitsa okha wawakwirira ali moyo. Che Amidu ankangoti, "Pepani, amayi, pepani," akupereka misomali. Amalume ankangokhoma.

Atamaliza anasamba m'manja ndi timadzi totsala m'chigubu chija, n'kudzaima patsogolo panga. "Madzi muzikatunga pakiyosiki. Iwe m'mawa ndi madzulo, a masana ndipeza wobweretsa pa wilibala. Pakhomo pano palibenso wotunga pachitsime, ndiye palibenso wolephera. Wamva?" Ndinavomera ndi mutu. Anatola kope langa, anakuntha fumbi, anayang'ana tsamba limene linali lotsegula osaliwerenga, n'kundipatsa. Za Dedza sanazitchule tsiku limenelo, ndipo sanadzazitchulenso.

Mvula yoyamba itagwa, inkalira palata lija mosiyana ndi padenga, mawu ake ali akuya, ndipo agogo akaimva ankatsonya. Sanalankhule ndi amalume mpaka Khirisimasi. Akabwera ankawaikira thobwa patsogolo n'kuwafulatira, ndipo amalume ankamwa lonse n'kuthokoza msana wa amayi awo. Thobwalo linasinthadi kakomedwe, ndipo ena pa siteji anadandaula. M'mawa uliwonse ndinkakafola pakiyosiki, matope ali m'mapazi, amayi akukangana za malo a ndowa pamzere. Khosi linkandiwawa ndi kusenza ndowa, koma ndikakhota pangodya ya mpanda wathu ndinkaona utsi wa mbaula ya agogo. Tinakhala limodzi m'nyumba imeneyo mpaka ndinalemba mayeso a Fomu 4.

Pa nthawiyo ndinkakhulupirira kuti ndinapambana mlandu ndi samu, kuti amalume anamva manambala anga n'kuona kuti ndi olondola. Ndinkawaona ngati munthu amene ankafuna kutilekanitsa koma analephera. Lero ndine wamkulu kuposa mmene iwo analili tsiku lija, ndipo ndikakumbukira nkhope yawo pamene ndinkalankhula, ndimaona kuti manambalawo sankawamvetsera n'komwe. Anali ataika kale mlongo wawo m'manda. Mlungu wonse ali pachiwongolero ayenera kuti ankaganiza za dzenje la kuseri kwa nyumba ya amayi awo, koma kuwauza amayi awo kuti ndikuopa sankadziwa. Chimene ankadziwa n'kuika malamulo. Masana aja anamva ndi mkono wawo mmene amayi awo analili atapepukira, kenako anamva mwana wa mlongo wawo akulonjeza kuti adzichepetsa. Anangopita kukapempha misomali.